Lipoti: kudzutsa thikinesa yakale ya Wadkin imene inkaluma matabwa kumapeto

Makina ake ndi thikinesa (yopala matabwa kuti akhale a makulidwe ofanana) ya mainchi 12, ya mipeni iwiri, yoyendetsedwa ndi mota ya 3 hp ya magetsi a three-phase. Ili m'shopu ina ya mipando ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ndipo eni ake anaigula pamene mishoni ina inkatseka malo ophunzitsira ukalipentala. Pa kachikwangwani kake palembedwa Wadkin Bursgreen. Kampani ya Wadkin inayamba mu 1897 ku Leicester ku England, koma dzina lophatikizali linabwera m'zaka za m'ma 1950, fakitale ya Bursgreen ya ku County Durham italowa m'manja mwa Wadkin. Mabawuti ake ndi a Whitworth, kusonyeza kuti inapangidwa mafakitale a ku Britain asanasamukire ku miyezo ya mamilimita. Thupi lonse ndi chitsulo cha kasiti, chopanda mng'alu paliponse, ndipo chimenechi n'chimene chinandichititsa kuvomera ntchitoyi.

Eni shopu anandiitanira mota. Ankati yatha mphamvu, chifukwa thabwa linkaima m'kati, anyamata n'kumalikankha ndi thabwa lina kapena kuthamangira kuseri kukalikoka. Anatchulanso, ngati nkhani yapambali, kuti makinawo ankaluma thabwa lililonse kumutu ndi kumchira, kutanthauza kulipala mozama kuposa pakati, moti podula ankawonjezera masentimita 15 oti adzataye. Pa mlombwa wa masiku ano kumeneko n'kuwotcha ndalama. Komanso matabwa opalidwa nthawi imodzi akawalumikiza kuti apange pamwamba pa tebulo, m'mphepete simunkafanana, ndiye mnyamata mmodzi ankathera tsiku akusalaza ndi puleni ya manja ntchito imene makina anayenera kumaliza okha.

Zimene thabwa loyamba linaonetsa

Ndisanamasule bawuti iliyonse ndinapempha thabwa la paini louma, lotalika mita imodzi, lowongoledwa kale mbali imodzi. Ndinalikhwatcha ndi pensulo pamwamba ponse n'kulilowetsa, makina akudya milimita imodzi yokha.

Linaima gawo lopalidwa litangokwana masentimita anayi. Mota sinasinthe kulira. Rola ya mano ya kolowera, imene imakokera thabwa m'makina, inkazungulirabe, ikungokanda thabwa pamalo amodzi. Mota yofooka imayamba yatsitsa mawu mipeni ikaluma mtengo, ndipo iyi sinatero. Thabwalo linali litagunda chinthu, ndipo pa mtunda umenewo kuseri kwa mipeni kuli chinthu chimodzi chokha, chitsulo chopingasa chotsendereza thabwa likangopalidwa, chimene pa ntchito timati pressure bar.

Titalikankha n'kutuluka ndinaliyang'ana padzuwa. Polumidwa panali potalika masentimita 7 mbali zonse ziwiri, kuzama pafupifupi theka la milimita. Mtunda umenewu ndi wochokera pakati pa buloko, chitsulo chozungulira chonyamula mipeni, kufika pa rola iliyonse ya pamwamba. Tanthauzo lake n'lakuti thabwa likagwiridwa ndi rola imodzi yokha, polowa lisanafike pa ya kotulukira kapena potuluka litasiyana ndi ya kolowera, linkadzuka n'kulowa m'mipeni. Zimene zimalola thabwa kudzuka chonchi n'zitatu: marola a pansi okwera kwambiri, tebulo logwedera, kapena munthu wosagwirizira thabwa lalitali.

Timizere ta mipeni tinali totalikirana pafupifupi mamilimita 1.8. Masamu ake ndi apafupi. Mota imazungulira ka 2,850 pa mphindi, ndipo mapule ake amakweza liwiro la buloko kufika pafupifupi ka 5,000. Mipeni iwiri ndiye kuti kudula ka 10,000 pa mphindi. Pa giya yothamanga thabwa limayenda mafiti 30, amene ndi mamita 9, pa mphindi. Kamzere kalikonse kayenera kutalikirana ndi kanzake mamilimita 0.9. Ndinapeza kuwirikiza kawiri, ndiye kuti mpeni umodzi wokha ndi umene unkamaliza ntchito, winawo unkangozungulira nawo. Pamwamba pa izi panali funde lina lalitali lobwereza pa masentimita 16 alionse. Rola ya pansi ndi yonenepa mamilimita 50, ndipo ikazungulira kamodzi imayenda mamilimita 157, choncho funde limenelo linali lake.

Makulidwe a thabwa kumanzere ndi kumanja ankasiyana, koma kusiyanako sikunali kokhazikika. Ndikalowetsa thabwa chakumanzere kunkakhala mamilimita 0.2, chakumanja 0.5. Tebulo lopendekeka koma lolimba limapereka cholakwa chimodzimodzi nthawi zonse. Ili linkapendekeka komanso kusuntha.

Magetsi

Mota ndinaiyezabe, kuti eni ake mtima ukhale pansi. Makoyilo atatu onse anali ofanana, megger, chida choyezera kutayika kwa magetsi, inaonetsa kuti mawaya sakutayira magetsi m'thupi la mota, ndipo popala inkakoka magetsi osapitirira olembedwa pa chikwangwani chake. Mota za ku Britain zili ndi ubwino woti zinapangidwira 50 Hz, monga magetsi athu, ndiye liwiro lake silisintha. Vuto linali pa switchi. Sitata yoyambirira, switchi yodzutsira mota, inachotsedwa kalekale, m'malo mwake munali chogwirira wamba chokweza ndi kutsitsa. Magetsi akathima thabwa lili m'kati, munthu n'kuiwala kutsitsa chogwiriracho, akadzabwera makina amadzuka okha, mwina dzanja la wina lili m'mipeni kuchotsa utuchi. Ndiponso fezi imodzi mwa zitatu za magetsi a three-phase ikasowa, mota imang'ung'udza mpaka kupsa. Ndinaika sitata yodzimasula yokha magetsi akathima, yokhala ndi overload (yozimitsa mota ikakoka magetsi opitirira muyezo) yotchera pa mulingo wa motayo, ndi batani lofiira pamene bondo la wolowetsa matabwa lingafike.

Kuyeza, ndi mmene vuto linakulira

Pa thikinesa chilichonse chimayezedwa kuchokera pa buloko, chitsulo chozungulira chonyamula mipeni. Buloko siikwera kapena kutsika, imangozungulira m'mabering'i ake. Tebulo liyenera kulingana ndi buloko, mipeni iyenera kutuluka mofanana kuchokera m'buloko, ndipo zotsala zonse zimatsatira malo otsikitsitsa amene nsonga ya mpeni imafika pozungulira. Malo amenewa m'lipotili ndikuwatchula mzere wa mipeni.

Ndinakhazika dial gauge, geji ya muvi yoyeza timipata ting'onoting'ono, pa tebulo, nsonga yake ikukhudza pansi pa thupi la buloko, pamalo osalala opanda mpeni. Kumanja tebulo linali pafupi ndi buloko ndi mamilimita 0.6 kuposa kumanzere. Nditagwira mlomo wa tebulo n'kulitukula ndi manja, muvi wa geji unayenda mamilimita 0.4. Kenako mipeni. Woyamba unatuluka mamilimita 1.9 kumanzere ndi 1.3 kumanja. Wachiwiri unapendekeka chimodzimodzi, koma wonse unali wotsalira m'kati ndi mamilimita 0.25. Marola a pansi anali okwera mamilimita 0.9 pamwamba pa tebulo. Masipuling'i a marola a pamwamba anali omangidwa mpaka mawaya ake kukhudzana.

Manambala amenewa akaikidwa pamodzi, mbiri ya makinawa imaoneka yokha. Poyamba tizitsulo ta m'mbali togwira tebulo m'njanji zake, totchedwa ma gib, tinadyeka n'kumasuka, tebulo n'kupendekeka. Matabwa atayamba kutuluka opyapyala mbali imodzi, wina anaganiza zopendeketsa mipeni kuti ilingane ndi tebulo. Zili ngati kudula miyendo ya mpando kuti ukhazikike pa simenti yokhota: pamalo amenewo ukhala bwino, koma mpando wawonongeka. Mipeni italowetsedwa m'kati kumanja, mzere wa mipeni unakwera mbali imeneyo, pomwe pressure bar inatsala pamene inali. Thabwa lopalidwa linayamba kutuluka lokwera kuposa mlomo wa chitsulocho, n'kumachigunda. Poona kuti thabwa likuima, anamanga masipuling'i. Masipuling'i atapanikiza thabwa kwambiri pa tebulo la dzimbiri ndi utomoni, linayamba kukakamira, ndiye anakweza marola a pansi. Marola atakwera, thabwa silinkagonanso pa tebulo pansi pa mipeni, linkalendewera pakati pa marola awiri, ndipo kuluma kumapeto kunayambira pamenepo.

Aliyense amene anagwirapo anathetsa vuto limene ankaliona tsiku limenelo, ndipo sindingati anali osadziwa ntchito. Anasowa geji ndi poyambira. N'chifukwa chake sindinavomere zimene eni shopu anapempha, zoti ndingokweza pressure bar makina ayambe kugwira ntchito madzulo omwewo. Akanayendadi, koma kukanakhala kuwonjezera chigamba chachinayi pa zitatu zimene zinalipo.

Kumasula

Amene akukonza makina a ku Britain a zaka zimenezi ayambe wapeza masipanala oyenera. Ulusi wa Whitworth, umene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841, uli ndi mano a madigiri 55, pomwe wa mamilimita ndi wa ku America uli ndi a madigiri 60. Mitu yakenso ndi yachilendo. Mutu wa bawuti ya 5/16 ndi mamilimita 13.3, ndiye sipanala ya 13 siilowa, ya 14 imaterereka n'kudya makona. Masipanala ake ndinabwereka kwa makanika wina wachikulire wokonza ma Land Rover akale, chifukwa galimoto zimenezo zili ndi mitu yomweyi m'magiyabokosi ndi m'ma akiselo. M'mabowo awiri ndinapeza mabawuti a mamilimita, a M8, okakamizidwa mu ulusi wa 5/16. Amalowa kamodzi kapena kawiri bwinobwino kenako n'kulimba, ndipo munthu amayesa kuti wamanga, chonsecho akuphwanya ulusi wa m'kasiti. Ndinadutsamo ndi tapu ya Whitworth, chida chosemera ulusi m'bowo, ndipo ulusi wotsala unakwanira. Pa zophimbira ndi malo ena osanyamula katundu mabawuti a UNC, ulusi wa ku America, a 5/16 ndi 3/8 amalowa, popeza mano ake pa inchi ndi ofanana ndi a Whitworth. Pa theka la inchi safanana, Whitworth ali ndi 12, UNC 13. Pa mabawuti ogwira mipeni palibe zoyerekeza: oyambirira okhaokha kapena ofanana nawo ndendende.

Mabering'i a buloko ankalira mchenga ndikawazungulitsa ndi dzanja, girizi wake atauma ngati dothi. Ndinasintha onse awiri potengera nambala ndi miyezo ya akalewo. Shafiti inali yabwino, ndipo buloko itabwerera m'malo geji inaonetsa kugwedera kosapitirira mamilimita 0.02. Mabushi a mkuwa a rola ya mano anali atadyeka kukhala ngati dzira, ndipo atsopano anasemedwa pa lathe kwa amisiri ena ku Limbe. Mano a rolayo anali odzaza utomoni wa paini wosakanikirana ndi utuchi, wouma gwa, moti mano sankaonekanso. Parafini ndi bulashi ya waya zinathana nazo. Rola imodzi ya pansi inali ndi chibulumwa cha utomoni mbali imodzi ndipo bering'i yake inkagwira, limene linali gwero la funde la masentimita 16 lija. Tcheni choyendetsa marola chinali chitatalika kupitirira magawo atatu pa 100 alionse. Ndi cha theka la inchi, ndipo cha njinga yamoto cha nambala 428, chimene chimapezeka paliponse pamene pali akabaza, chinakhala bwino pa masipuroketi ake. Malamba ndinagula awiri a mtundu umodzi tsiku limodzi, chifukwa wakale ndi watsopano akaphatikizidwa, mmodzi yekha ndi amene amakoka.

Tebulo ndinalipala dzimbiri ndi mpeni wakale wa makina omwewo, kenako sandipepa wosalala wa 400 wokulungidwa pa kachitsulo kafulati, ndikunyowetsa ndi parafini. Girayinda isayandikire tebulo la thikinesa. Imawalitsa msanga, koma imasiya tizigwa timene palibe angatichotse. Pomaliza ndinapaka polishi wa pansi woyera n'kupukuta. Wofiira ayi, pokhapokha ngati mukufuna matabwa ofiira. Oyilo nayenso ayi, amalowa m'thabwa n'kukaniza vanishi.

Tebulo ndi ma gib

Apa m'pamene panali ntchito yeniyeni. M'njanji munali utuchi wosakanikirana ndi girizi, wotsenderezeka mpaka kuuma. Nditatsuka, ndinasalaza ma gib pa mwala wonolera kuchotsa mizere yotukuka, n'kuwabwezera. Masikuluwu ake ndinamanga pang'onopang'ono, mbali iyi pang'ono, inayo pang'ono, ndikukweza ndi kutsitsa tebulo pakati pake.

Njanji za makina akale sizidyeka mofanana. Zimadyeka pamene tebulo limakhalitsa, ndipo m'shopu ya mipando ndi pa makulidwe a mamilimita 18 mpaka 50. Ukamanga ma gib kuti pamenepa pasagwedere, tebulo limalimba ukalitsitsa pansi kwambiri. Ukawamasula kuti liziyenda mofewa ponseponse, limagwedera pamene pali ntchito. Ndinasankha kulimbitsa pa malo a ntchito. Kutsitsa tebulo kupitirira mamilimita 120 tsopano kumafuna manja awiri pa chiwongolero, ndipo eni ake anati mitengo yonenepa choncho amaipala mwa apo ndi apo. Njanji ndinapaka oyilo wopepuka pang'ono m'malo mwa girizi, amene amakoka utuchi.

Ma gib okha anachotsa kugwedera mpaka muvi wa geji kungonjenjemera, ndipo kupendekeka kunatsika kuchoka pa 0.6 kufika pa 0.15. Kotsalako ndinakuchotsa ndi shimu, kachidutswa kopyapyala ka mkuwa ka mamilimita 0.15, pansi pa nyumba ya bering'i ya kumanja ya buloko. Ambiri amadula chitini cha zakumwa kupanga shimu. Pa geti la mpanda zimatheka, koma chitini n'chofewa, chimaphwanyika pansi pa bawuti ndipo muyezo umathawa pakapita miyezi. Chinthu china chofunika kuzolowera: sikuluwu yokwezera tebulo ili ndi mpata wa ukalamba, choncho muyezo uliwonse ufikidwe pokweza. Ukapitirira, tsitsa kwambiri n'kukweranso.

Mipeni

Mipeni imene inalimo sinali yobwezeranso. Inanoledwa pa girayinda ya manja mpaka nsonga kuchita buluu, chizindikiro choti chitsulo chinapsa n'kufewa, ndipo umodzi unali wochepa m'lifupi kuposa unzake. Pa sikelo yaing'ono inasiyana magalamu 6. Anthu amaseka ndikamayeza mipeni pa sikelo, koma buloko yonenepa mamilimita 100 ikamazungulira ka 5,000 pa mphindi, galamu imodzi ya m'mphepete imakoka ngati makilogalamu 1.4, ndipo imatero mosinthasintha mbali ka 83 pa sekondi. Magalamu 6 ndi makilogalamu oposa 8 akumenya mabering'i tsiku lonse. Kufa kwa mabering'i aja sikunali kwa ukalamba wokha.

Tinagula mipeni iwiri yatsopano ya HSS, chitsulo cholimba chopangira zida zodulira, yolemera mofanana, yonoledwa pa madigiri 35. Ngalande za m'buloko ndi zitsulo zopanira mipeni ndinazitsuka mpaka kuyera, chifukwa kautomoni kochepa kuseri kwa mpeni kamaulepheretsa kugona, ndipo mpeni wosagona ukhoza kuthawa. Ndinaitulutsa mamilimita 1.5 kuchokera pa thupi la buloko, kuyeza kumanzere, pakati ndi kumanja. Mabawuti amamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, koyamba mongogwiriza, kenako kuyezanso, kenako kulimbitsa. Mpeni umakonda kukwera pang'ono pomanga, ndiye kuyeza komaliza ndi kwa pambuyo pomanga. Malo asanu ndi limodzi onse anagwera m'kati mwa mamilimita 0.03.

Marola ndi zotsendereza

Gawo ili ndinalichita dala popanda dial gauge, kuti kapitawo wa shopuyo aone njira imene angaibwereze yekha. Pamafunika kachipika ka mlombwa wouma, kosalala pansi ndi pamwamba, ndi feeler gauge ya amakanika, ija ya timasamba ta chitsulo ta makulidwe osiyanasiyana yoyezera mavavu. Magetsi azimitsidwe pa meni switchi, osati pa batani lokha. Marola a pansi atsitsidwe kaye kuti asasokoneze. Kachipika kamaikidwa pansi pa buloko, pamwamba pake tsamba la mamilimita 0.8, ndipo tebulo limakwezedwa mpaka nsonga ya mpeni, buloko ikamagwedezedwa ndi dzanja, ingokhudza tsambalo. Tebulo likhomedwe pamenepo, lisasunthenso mpaka ntchito yonse ithe. Tsamba likachotsedwa, pamwamba pa kachipika pali mamilimita 0.8 pansi pa mzere wa mipeni, ndipo kachipikako kasanduka muyezo wa zonse.

Rola ya mano ndinaitsitsa mpaka kukhudza kachipika kopanda tsamba, mbali zonse ziwiri. Chimodzimodzi chipbreaker, chitsulo chotsendereza thabwa mipeni isanalifike, chimene chimathyola zopalidwa kuti zisang'ambe mtengo patsogolo. Rola yosalala ya kotulukira ndinaiika mamilimita 0.5 pansi pa mzere, ndiye kuti kachipika ndi tsamba la 0.3. Marola amenewa ayenera kukhala pansi pa mzere kuti thabwa liwatukule, masipuling'i n'kugwira.

Pressure bar ndi yosiyana ndi zonsezi, ndipo ndi imene imavuta. Ikatsika ndi kachidutswa chabe thabwa limaima. Ikakwera kwambiri thabwa limanjenjemera pansi pa mipeni n'kutuluka ndi mafunde. Mlomo wake unali utadyeka pakati, ndiye ndinayamba ndauwongola ndi fayilo ndi mwala, ndikuyeza ndi rula yachitsulo. Ndinaiika mamilimita 0.1 pamwamba pa mzere, kachipika ndi masamba okwana 0.9. Kuika chonchi kuli ndi phindu lina. Mipeni ikayamba kubuntha imatsendereza mtengo m'malo moudula, mtengowo n'kudzukanso kuseri, ndipo thabwa limayamba kukhuza pa chitsulochi. Kapitawo ndinamuuza kuti tsiku limene matabwa adzayambe kukakamira, asakhudze sikuluwu iliyonse, achotse mipeni akanoletse.

Marola a pansi ndinawakweza mamilimita 0.1 okha, poyeza ndi rula yachitsulo yogona pa marola onse awiri ndi tsamba pansi pake. Masipuling'i ndinawamasula onse n'kuyamba kumanga pang'onopang'ono mpaka thabwa la mlombwa la mainchi 12 likuyenda losaima makina akudya mamilimita 2. Anathera pafupifupi pa theka la pamene anali.

Kuyesa

Paini anatuluka woyera, timizere tikuoneka pa mamilimita 0.9, ndipo pa giya yapang'onopang'ono ya mafiti 15 sitinkaonekanso popanda kupendeketsa thabwa padzuwa. Pa thabwa lotambalala mamilimita 290 makulidwe a m'mphepete ziwiri anasiyana 0.05, ndipo sanasinthe ngakhale tinalowetsa kumanzere kapena kumanja. Kuluma kumapeto kunatsala koti chala chimamva pang'ono koma sandipepa amachotsa podutsa kamodzi. Pa matabwa opitirira mamita awiri kunkabwerera ngati wolandira walekerera thabwa kulendewera, choncho tinapanga mahatchi awiri a matabwa, ogonekapo thabwa likamatuluka, otalika mofanana ndi tebulo pa makulidwe amene amapala kawirikawiri.

Paini anaonetsa vuto limodzi. Makina akadya zosakwana theka la milimita, mano a rola ankasiya zipsera, chifukwa mtengo wofewa umabooka mozama kuposa mmene mipeni ikuchotsera. Sindinakweze rola. Ndinawauza kuti ulendo womaliza pa paini uzikhala wa milimita imodzi. Mbawa inang'ambika pang'ono pa giya yothamanga, monga mwa khalidwe lake, popeza ulusi wake umayenda mopingasana, mzere uwu uku, winawo uko. Pa giya yapang'onopang'ono, kudya theka la milimita, inatuluka bwino.

Zina sizinali za makina koma za kagwiritsidwe. Thikinesa siwongola thabwa. Lokhota limalowa, marola n'kulitsendereza, n'kutuluka lokhota lomwelo koma lopyapyala, ndiye mbali imodzi iyambe yawongoledwa. Matabwa ochekedwa pamanja kutchire amabwera ndi mchenga chifukwa chokokedwa pansi, ndipo mchenga umabunthitsa mipeni msanga kuposa mtengo wolimba uliwonse, choncho bulashi ya waya ikhale pafupi. Paini wa ku Chikangawa nthawi zambiri amafika asanaume, ndipo ameneyu ndiye amamata utomoni pa marola. Akamapala wotere akweze marola a pansi kufika 0.3, akamaliza awabwezere ndi kupukuta ndi parafini. Chimene ndinaletsa mwamphamvu ndi kulowetsa timatabwa tiwiri kapena titatu nthawi imodzi mbali ndi mbali. Rola ya mano ya makinawa ndi chitsulo chimodzi chathunthu, imagwira thabwa lonenepa lokha, ndipo lopyapyala limatsala lomasuka pamaso pa mipeni yozungulira molibweza. Likabwerera limatuluka pa msinkhu wa mimba ya munthu. Pa chifukwa chomwecho kathabwa kofupika kuposa masentimita 30 sikalowa, ndipo wolowetsa aziima chammbali.

Penti ndi zimene zatsala

Eni shopu ankafuna penti kuyambira tsiku loyamba. "Amisiri, makasitomala akalowa aziona kuti tili ndi makina," anatero. Ndinawayankha kuti, "Bambo, makasitomala anu amagula zitseko, tiyeni tiyambe taona thabwa." Pamapeto ndinangotsuka thupi lonse ndi parafini n'kupaka penti pamalo pamene chitsulo chinali poyera. Penti wakale sindinamupale ndi sandipepa, chifukwa wa zaka zimenezo kawirikawiri amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake si lopumira m'shopu yodzaza anyamata. Chophimbira malamba ndi tcheni chinasowa kalekale, ndiye tinapindisa china cha lata lolimba.

Tebulo lili ndi chigwa pakati, chozama mamilimita 0.12, chodyedwa ndi matabwa ang'onoang'ono amene kwa zaka zambiri ankalowetsedwa pakati pokhapokha. Kuchichotsa kumafuna kunyamula tebulo kupita nalo pa makina aakulu operera zitsulo, ndipo pa ntchito ya zitseko, mabedi ndi makabati sindinaone chifukwa chowonongera ndalama imeneyo. Ndinawalangiza kuti matabwa opapatiza azilowetsa mosinthasintha, ena kumanzere, ena kumanja, zimene zimathandizanso kuti mipeni ithe mofanana. Nati ya sikuluwu yokwezera tebulo ndi yodyeka, ikugwirabe, koma ndiyo idzatsatire kusinthidwa. Miyezo yonse ndinailemba ndi penti m'kati mwa chophimbira, ndipo kachipika ka mlombwa ndi feeler gauge zili m'kabokosi kokhomedwa pa khoma pafupi ndi makinawo. Eni shopu avomera kugula mipeni ina iwiri, kuti ina ikapita konoletsa ntchito isaime, ndiponso kuti iwiri iliyonse izinoledwa limodzi n'kuyezedwa pa sikelo isanabwerere m'buloko.